Ife ndi iwo: mafunso ndi mayankho pa za khalidwe la gulu ndi tsankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera ndikamacheza ndi anthu za chomwe chimasandutsa munthu wofatsa kukhala chilombo akalowa m'khamu, ndi za komwe tsankho limachokera. Mayankho ake ndawatenga ku nthambi ya maphunziro a zamaganizo yomwe pa Chingerezi amaitcha social psychology.

Kodi phunziroli limafufuza chiyani kwenikweni?

Limafufuza mmene anthu ena amasinthira zomwe munthu amaganiza, zomwe amamva mumtima ndi zomwe amachita. Anthu enawo sachita kufunika kukhala pomwepo. Kungoganiza kuti "anthu adzati chiyani" n'kokwanira kukuvulitsani chovala chomwe mumachikonda kapena kukutsekani pakamwa pamsonkhano.

Phunziroli linakula kwambiri itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945. Dziko linatsala ndi funso lowawa: zinatheka bwanji kuti makalaliki, madokotala, apolisi ndi oyendetsa sitima, anthu olera ana awo bwinobwino, athandize boma la Hitler la ku Germany kupha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni? Ena mwa akatswiri omwe anadzipereka kuyankha funsoli anali Ayuda, ndipo kwa iwo iyi inali nkhani ya maliro a abale awo.

N'chifukwa chiyani timavomera ndi gulu ngakhale maso athu akuona kuti gululo lalakwitsa?

Amene anazionetsa poyera ndi Solomon Asch, ku America, mu 1951. Ankaika wophunzira mmodzi wa kukoleji m'chipinda pamodzi ndi anzake ena pafupifupi 7. Onse ankawaonetsa pepala lokhala ndi mzere umodzi, kenako pepala lina la mizere itatu, n'kufunsa kuti mwa itatuyo wofanana kutalika ndi woyamba uja ndi uti. Funso loti ndi mwana wa sitandade 1 yemwe angalikhoze. Munthu akamayankha ali yekha sankalakwitsa, kupatula mwa apo ndi apo.

Chomwe wophunzirayo sankadziwa n'choti anzake onsewo anali atapangana kale ndi Asch. Pa maulendo 18 ofunsidwa, maulendo 12 ankapereka yankho labodza, mmodzimmodzi, mokweza ndi mosakayika, ndipo iye ankayankha chakumapeto. Anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anagonjera gulu kosachepera kamodzi. Pa mayankho onse a m'maulendo achinyengo aja, pafupifupi limodzi mwa atatu alionse linali lotsatira bodza la gulu.

Atawafunsa pambuyo pake, ena anati anayamba kukayikira maso awo: anthu onsewa angalakwitse pamodzi? Koma ambiri ankadziwa bwino lomwe yankho lolondola, kungoti ankaopa kuoneka achilendo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Njira ziwirizi n'zimene gulu limatigwirira mpaka lero: timalitsatira poganiza kuti likudziwa zomwe ife sitikudziwa, kapena poopa kuti litisala.

Pali mbali ya kafukufukuyu yomwe anthu amaiiwala, chonsecho kwa ine ndiyo yaikulu. Asch akangoika m'gulumo munthu mmodzi yekha wonena zoona, mphamvu ya gulu inkaphwa kwambiri. Ngakhale munthuyo atapereka yankho lina labodza, bola losiyana ndi la gulu, wophunzira uja ankalimba mtima n'kunena zomwe akuona. Chomwe chinkamumanga sichinali kuchuluka kwa anthu kokha, koma kugwirizana kwawo kopanda mng'alu. Ndiponso pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse sanagonje n'kamodzi komwe.

Nanga kumvera akuluakulu kungakhale koipa? Si ndiwo ulemu umene tinaleredwa nawo?

Ulemu ndi wabwino, ndipo mudzi wopanda ulemu sukhalika. Vuto limabwera pomwe munthu wapereka chikumbumtima chake kwa wamkulu n'kumati "ine ndangotumidwa".

Mu 1961, chaka chomwe Adolf Eichmann, mkulu wa boma la Hitler yemwe ankakonza zotumiza Ayuda kukaphedwa, ankazengedwa mlandu ku Jerusalem n'kumadziteteza kuti ankangotsatira malamulo, Stanley Milgram anayamba kafukufuku wake ku yunivesite ya Yale. Anaitana amuna wamba kudzera m'nyuzipepala, n'kuwauza kuti athandize kuyesa ngati chilango chimathandiza munthu kuloweza mawu. Ankawakhazika pa makina a maswitchi 30, kuyambira mavolti 15 mpaka 450, kuti "wophunzira" yemwe anali m'chipinda china akalakwitsa azimumenyetsa shoko, n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono. Magetsiwo anali abodza ndipo wophunzirayo ankangochita sewero, koma okanikiza maswitchiwo sankadziwa. Akafuna kuleka, mkulu wovala khothi la asayansi ankangowauza modekha kuti apitirize. Mwa amuna 40, okwana 26 anafika pa switchi yomaliza.

Sankachita mosangalala. Ankatuluka thukuta, kunjenjemera, kudziluma milomo, kuchonderera kuti wina akaone munthu uja. Koma dzanja linkapitabe pa switchi. Taonani kuti palibe yemwe anauzidwa kuti ayambire pa 450. Ankakwera ndi mavolti 15 okha nthawi iliyonse, ndiye panalibe poti munthu anene kuti apa ndiye pasiyana ndi pomwe ndachoka.

Milgram anasinthasintha kachitidwe kake kambirimbiri. Wolamula uja akatuluka n'kumalankhula pa foni, omvera mpaka kumapeto ankachepa kwambiri. Ataika anthu ena awiri oti azikana pamaso pa munthuyo, anthu 4 okha mwa 40 ndi amene anafika pa 450. Akatswiri omwe anaunikanso nkhaniyi zaka za pambuyo pake anaona chinanso: mawu olamula mwankhaza, oti palibe kuchitira mwina, ndi amene ankachititsa anthu ambiri kukana. Anthu ankapitiriza makamaka akakhulupirira kuti akutumikira cholinga chabwino. Zimenezi n'zoopsa kuposa mantha, chifukwa munthu wochita nkhanza akudziona ngati wothandiza savutika n'chikumbumtima.

Khamu likagwira wakuba, anthu amapenga kapena?

Ndinaziona ndi maso anga pamsika wina m'tauni. Kunali kotentha, ine ndikusankha tomato. Mayi wina anakuwa kuti foni yake yapita, wina n'kuloza mnyamata wovala malaya ofiira yemwe ankayenda mofulumira. Mawu oti "wakuba!" anayenda msika wonse ngati moto wa lupsa. Pasanathe mphindi ziwiri mnyamatayo anali pansi, nsapato imodzi itavuka, magazi akutuluka m'mphuno. Omwe ankamumenya kwambiri anali ochokera kutsidya lina la msika, oti sanamve n'komwe chomwe chabedwa. Wina anathamangira kukatenga tayala. Ine ndinangoima, pepala la tomato lili m'manja, mtima ukugunda, osanena kanthu. Mpaka lero zimandiwawa.

Amene analankhula anali mayi wachikulire wogulitsa usipa. Anadzipanikiza m'kati mwa anthu, navula chitenje chake chapamwamba n'kumufunditsa mnyamatayo kumutu. Anati, "Ana inu, uyu ndi mwana wa munthu. Mukamupha foniyo ituluka?" Panali kachete kakafupi. Kenako bambo wina wa kabaza anati, "Zoona amayi, apite kupolisi." Wachiwiri anavomera, wachitatu nayenso. Anthu omwe aja amene ankafuula anayamba kubwerera ku mabenchi awo.

Kale akatswiri ankaphunzitsa kuti munthu akalowa m'khamu nzeru zimamuthawa. Masiku ano ambiri amafotokoza mosiyanako. Munthu m'khamu amaleka kudziona ngati uje mwana wa uje, n'kuyamba kudziona ngati "ife amalonda otopa ndi akuba", kenako amachita zomwe akuganiza kuti "ife" tikuvomereza. Udindo umagawikana mpaka aliyense kutsala ndi kachidutswa kosamulemera: ine ndinangoponya mwala umodzi. Ndipo aliyense amene mumtima sakugwirizana nazo amayang'ana anzake, n'kuona onse ali chete, ndiye amaganiza kuti wokayika ndi iye yekha. Chetechete wa anthu ambiri ngati ine tsiku lija ndi amene amapatsa mphamvu ochepa onyamula tayala.

Mphekesera zikaphatikana ndi mantha zimafika poipa. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu anatseka misewu, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu angapo anaphedwa. Mmodzi mwa omwe anaphedwa ku Blantyre anali wodwala khunyu. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka.

Bwanji anthu amangoonerera munthu akuvutika pamsewu?

Nkhaniyi inatchuka mu 1964, mayi wina dzina lake Kitty Genovese ataphedwa ku New York, nyuzipepala n'kulemba kuti anthu 38 ankaonerera osachitapo kanthu. Zinadziwika pambuyo pake kuti nyuzipepalayo inakokomeza, koma funso lomwe inadzutsa linali lenileni. John Darley ndi Bibb Latané anayesa mu 1968: wophunzira ankamva pa makina olankhulirana mnzake akukomoka ngati wagwa khunyu. Akamaganiza kuti wamva ndi iye yekha, 85 pa 100 alionse ankathamanga kukaitana thandizo mnzakeyo asanasiye kulankhula. Akamaganiza kuti pali anthu ena anayi omwe akumvanso, chiwerengerocho chinkatsika kufika pa 31. Aliyense ankati wina achita.

Koma musataye mtima ndi anthu. Ofufuza ena anaonera makanema a makamera a m'misewu a ndewu zenizeni 219 za ku Lancaster, Amsterdam ndi Cape Town, ndipo anapeza kuti pa ndewu 9 mwa 10 zilizonse panapezeka wina woleretsa. Mwayi woti inuyo panokha muchitepo kanthu umachepa pagulu, koma mwayi woti papezeke mmodzi umakula.

Komiti ya anthu anzeru imapanga bwanji chiganizo chopusa?

Irving Janis anafufuza zimenezi mu 1972 poona mmene alangizi a pulezidenti wa America, John F. Kennedy, anavomerezera mu 1961 kutumiza asilikali ochepa ku Bay of Pigs kuti akagwetse boma la Cuba, ulendo womwe unathera m'manyazi. Anali anthu ophunzira kwambiri, ogwirizana, okonda mtsogoleri wawo. Kugwirizana komweko n'kumene kunawapweteka. Wokayika ankameza mawu ake posafuna kuwononga mtendere, ndipo kukhala chete kwake kunkawerengedwa ngati kuvomera. Aliyense amene anakhalapo mu komiti ya mpingo, ya sukulu kapena ya banki m'khonde akuzidziwa: wapampando akayamba ndiye kunena maganizo ake, otsatira amangothira ndemanga. Makolo anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti ngakhale mawu a munthu wonyozeka ayenera kumvedwa.

Chinanso n'choti anthu oganiza mofanana akakambirana okhaokha, amatuluka ali ouma mtima kuposa mmene analowera. Magulu a pa WhatsApp a anthu a chipani chimodzi kapena a boma limodzi amaphika maganizo mwa njira imeneyi tsiku ndi tsiku.

Kodi anthu amalimbikira ntchito kwambiri akakhala pagulu?

Osati nthawi zonse. Max Ringelmann wa ku France anayeza anthu pokoka chingwe, n'kupeza kuti gulu likamakula, mphamvu ya munthu aliyense imachepa. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma pakati pa osenzawo pamakhala ena ongogwiriza. Mankhwala ake n'kuti gawo la aliyense lizioneka.

Tsankho ndi chiyani, ndipo likusiyana bwanji ndi kusala?

Pali zinthu zitatu zomwe zimayendera limodzi koma si chimodzi. Choyamba chili m'mutu: chithunzi chomwe timapachika pa gulu lonse, monga kunena kuti a mtundu wakuti ndi aulesi, akuti ndi odzikonda, akazi sangathe masamu. Chachiwiri chili mumtima: kuipidwa, mantha kapena kunyansidwa ndi munthu musanamudziwe, chabe chifukwa cha gulu lake. Chachitatu chili m'manja: kumumana ntchito, nyumba ya lendi, mkazi kapena malo pa benchi.

Pakamwa ndi manja sizigwirizana nthawi zonse. Cha m'ma 1930 Richard LaPiere anayenda mu America ndi banja lina la ku China, nthawi yomwe Atchaina ankasalidwa kwambiri. Pa mahotela ndi malo odyera pafupifupi 250 anawakana pamodzi pokha. Atawalembera makalata pambuyo pake kufunsa ngati angalandire Atchaina, oposa 90 pa 100 alionse mwa omwe anayankha anati ayi. Masiku ano zimakonda kutembenuka: pakamwa timakana tsankho, manja n'kumalichita. Pa kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2004, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza makalata ofunsira ntchito ofanana ndendende ku makampani a ku Boston ndi Chicago, n'kungosintha mayina. Makalata a mayina omveka achizungu anaitanidwa ku intavyu kuposa a mayina omveka a anthu akuda ndi theka lathunthu. Dzina lokha. Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira funso lija timakonda kufunsa munthu tikangomva dzina la bambo ake, loti "kumudzi ndi kuti?" Nthawi zambiri ndi macheza chabe, koma pa tebulo la intavyu limasanduka sefa.

Kodi magulu amayenera kukhala ndi chidani chakale kuti ayambe kusankhana?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe phunziroli linandidabwitsa kwambiri. Henri Tajfel anali Myuda wobadwira ku Poland. Anagwidwa ndi Ajeremani ali msilikali wa France, ndipo nkhondo itatha anapeza kuti pafupifupi abale ake onse anaphedwa. Cha m'ma 1970, ali ku Bristol, anafuna kupeza chinthu chochepetsetsa chomwe chingayambitse kukondera. Anatenga anyamata a sukulu imodzi, odziwana, n'kuwaonetsa zithunzi za akatswiri awiri ojambula, Klee ndi Kandinsky. Kenako aliyense anauzidwa payekha kuti iwe uli m'gulu la Klee, kapena la Kandinsky. Sankadziwa kuti anzake a m'gululo ndi ndani. Anawapatsa ntchito yogawa timakobiri kwa anyamata ena odziwika ndi nambala ndi gulu basi, ndipo wogawayo sankapindulapo kanthu.

Anakondera gulu lawo. Choposa apo, ambiri ankalolera kuti wa gulu lawo alandire zochepa, bola aposere wa gulu linalo. Panalibe mkangano wa malo, panalibe mbiri ya nkhondo, panalibe chilankhulo chosiyana. Panali dzina chabe. Tajfel ndi John Turner anafotokoza kuti gawo lina la ulemu womwe munthu amadzipatsa limachokera ku magulu omwe ali, choncho gulu lake likaoneka lapamwamba iyenso amadzimva wamtali.

Pakabwera cholimbirana ndiye moto umakula. Mu 1954 Muzafer Sherif anatenga anyamata 22 a zaka 11 ndi 12 kupita nawo kumsasa wa Robbers Cave ku Oklahoma. Anawagawa pawiri, magulu n'kudzitcha Eagles ndi Rattlers, kenako anawapikisanitsa masewera a mphotho. Pasanapite masiku ambiri anali akuwotcherana mbendera, kuthyolerana nyumba usiku ndi kutukwanana. Kuwadyetsa pamodzi sikunathandize, ankagendana ndi chakudya. Chomwe chinathandiza ndi mavuto oti gulu limodzi silikanawatha lokha: madzi a pamsasa atasiya kutuluka, ndiponso galimoto yokatenga chakudya itakana kulira moti onse anachita kuikoka ndi chingwe. Pobwerera kwawo anapempha okha kukwera basi imodzi.

Koma kuno kwathu mitundu ndi yosiyanadi chikhalidwe. Si chimenecho chimayambitsa kusamvana?

Pali kafukufuku wochitikira pakhomo pathu pomwe amene amayankha funsoli bwino kuposa wina aliyense. Daniel Posner anapita kumalire a Malawi ndi Zambia, komwe mzere wa atsamunda unadula Achewa pakati n'kudulanso Atumbuka pakati. Anasankha midzi 4, wa Achewa ndi wa Atumbuka mbali iliyonse, yoyandikana. Kusiyana kwa miyambo kunali kofanana mbali zonse ziwiri: kuno Gule Wamkulu ndi chikamwini, uko Vimbuza ndi malowolo. Anafunsa anthu ngati angakwatirane ndi a mtundu winawo, komanso ngati angavotere mtsogoleri wa dziko wochokera kumeneko.

Zotsatira zomwe anasindikiza mu 2004 zinaonetsa kuti a ku Malawi ankakana kwambiri kuposa a ku Zambia. Ku Zambia Achewa ndi Atumbuka ankaonana ngati abale, anthu a kum'mawa. Posner anafotokoza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi ndi ikuluikulu poyerekeza ndi dziko lonse, moti wandale akhoza kumangapo chipani pa umodzi n'kumaopseza anthu ndi winawo. Ku Zambia mitundu iwiriyi ndi yaing'ono, ndiye wandale amapindula akaiphatikiza.

Miyambo yomweyo, zilankhulo zomwezo, mtunda woyenda pa njinga, koma mbali ina ubale, mbali ina kukayikirana. Munthu akadzakuuzani kuti anthu awa sitinamvanepo chiyambire, mufunseni kuti mzerewo akupindula nawo ndani.

Nanga ngati zomwe amanena za mtundu wina ndinaziona ndekha kuti n'zoona?

Mwina munazionadi, koma funso n'loti maso anu anasunga ziti n'kutaya ziti. Wakwathu akaba timati uje ndi wakuba. Wa mtundu wina akaba timati anthu amenewa ndi akuba: ikawola imodzi zawola zonse. Wakwathu akachedwa timati minibasi inavuta, winayo akachedwa timati ndi chibadwa chawo. Ndipo winayo akachita zabwino timati uyu yekha ndi wosiyana ndi anzake, chithunzi chathu chija n'kutsala chosakhudzidwa.

Mu 1951 matimu a yunivesite za Princeton ndi Dartmouth anasewera mpira wankhanza kwambiri. Ofufuza anaonetsa kanema mmodzimodzi wa masewerowo kwa ophunzira a mbali zonse ziwiri, ndipo a ku Princeton anawerenga zolakwa za Dartmouth zochuluka kuwirikiza kawiri kuposa zomwe a ku Dartmouth anaona. Khalani pakati pa wa Bullets ndi wa Wanderers pa Kamuzu Stadium penate ikaperekedwa, muone ngati anaonera mpira umodzi. Palibe amene akunama mwa awiriwo. Aliyense waonadi zomwe akunenazo.

N'chifukwa chiyani mkwiyo umagwera alendo, okalamba ndi ena opanda mphamvu?

Chifukwa chomwe chabweretsa vuto nthawi zambiri sichigwirika ndi manja. Ulova, kukwera kwa mitengo, chilala, imfa yadzidzidzi ya mwana, zonsezi simungazigende. Koma mlendo wogulitsa pa shopu mungamugende, gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi mungamugende. Mu May 2008 ziwawa zinayambira ku Alexandra mu Johannesburg n'kufalikira madera ena a South Africa, ndipo anthu 62 anaphedwa. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mwa ophedwawo anali nzika za dziko lomwelo. Mu 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Amene anakhalako ku Joni amadziwa kulemera kwa mawu oti makwerekwere.

Tikamadandaula za kumeneko tisaiwale za kuno. Agogo athu akuphedwa powanamizira ufiti, chonsecho lamulo la 1911 limati kuloza munthu ufiti ndi mlandu. Abale athu achialubino akhala akusakidwa ngati nyama, ena kufukulidwa m'manda, chifukwa cha bodza loti mafupa awo ndi chizimba cha chuma.

Tcherani khutu ku mayina omwe gulu likupatsidwa. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi inyenzi, kutanthauza mphemvu, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa. Munthu savutika mtima popha mphemvu. Dzina limayamba kuchotsa umunthu, chikwanje chimabwera pambuyo.

Kodi kafukufuku yenseyu ndi wodalirika?

Si yense. Wotchuka kwambiri ndi wa ndende yongoyerekeza ya ku Stanford mu 1971, pomwe Philip Zimbardo anagawa ophunzira kukhala akaidi ndi oyang'anira, n'kuimitsa zonse patatha masiku 6 chifukwa cha nkhanza. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti yunifolomu yokha inawasandutsa ankhanza. Zolemba ndi matepi omwe anaunikidwa pambuyo pake zinaonetsa kuti oyang'anirawo ankalimbikitsidwa ndi ofufuzawo kuti akhale ouma mtima. N'chifukwa chake sindinautsamire pano. Sherif nayenso anayesapo mu 1953, chaka chimodzi za ku Robbers Cave zisanachitike, anyamata n'kuzindikira kuti akuluakulu ndiwo akuwayambanitsa, ndipo anakana kudana.

Dziwaninso kuti ambiri mwa oyesedwa m'kafukufuku wakaleyu anali ophunzira achizungu a ku America, makamaka amuna. Ndiponso zomwe Milgram anachititsa anthu aja, malamulo a kafukufuku a masiku ano sangazilole.

Tsankho lingathe? Kapena ndi mmene tinalengedwera?

Kugawa anthu m'magulu kuli mwa ife, koma malo omwe mzere wadutsa amasuntha. Ku yunivesite ya Lancaster, Mark Levine ndi anzake anatenga otsatira timu ya Manchester United n'kuwakumbutsa za chikondi chawo pa timuyo. Akuyenda panja, munthu wothamanga ankagwa pafupi nawo dala. Akavala jezi ya Manchester United ankamudzutsa, akavala ya Liverpool ambiri ankangodutsa. Ulendo wina anawakumbutsa za kukoma kokhala wokonda mpira basi, ndipo wa Liverpool uja anayamba kuthandizidwa mofanana ndi wakwawo. Timaziona Flames ikamasewera: Maule ndi Manoma amakumbatirana chigoli chikalowa.

Gordon Allport ananena mu 1954 kuti kukhalira limodzi kumachepetsa tsankho, makamaka ngati anthuwo akumana ali pa mlingo umodzi, ali ndi cholinga chimodzi, akudalirana, ndipo akuluakulu akuvomereza. Bwana ndi wantchito wa m'nyumba amakhala limodzi zaka 20 tsankho osasuntha, chifukwa mlingo si umodzi. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp anasonkhanitsa kafukufuku 515 n'kupeza kuti Allport ananena zoona.

Komabe si mankhwala ochiza zonse. Salma Mousa anakonza ligi ya mpira kumpoto kwa Iraq ya Akhristu omwe gulu la zigawenga la ISIS linawathamangitsa m'makwawo, ndipo matimu ena anawaikira osewera Achisilamu. Akhristu omwe anasewera ndi Asilamu anapitiriza kuchita nawo matirenin'i patatha miyezi, koma mtima wawo pa Asilamu osawadziwa sunasinthe kwenikweni. Ku Rwanda, Elizabeth Levy Paluck anatsatira kwa chaka anthu omvera sewero la pa wailesi lonena za midzi iwiri yodana. Zikhulupiriro za mumtima mwawo sizinasinthe kwambiri, koma zomwe ankaganiza kuti anthu anzawo amavomereza zinasintha, ndipo khalidwe linatsatira: ankamasuka kutsutsa pagulu ndi kulola ukwati wa mitundu yosiyana. Ine ndimaona kuti apa ndi pogwira. Kusintha mtima wa munthu kumatenga zaka, koma kumuonetsa kuti anzake sakusekerera nkhanza kumatheka lero.

Makolo athu analinso ndi njira yawo. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba omwe kale ankamenyana nkhondo anasandutsa udaniwo kukhala chimbuya, ubale wonyozana mwanthabwala, moti pamaliro a mbali imodzi a mbali inayo amabwera kudzagwira ntchito ndi kuseketsa ofedwa.

Ine pandekha ndingatani?

Mukavulala pagulu musangofuula kuti thandizeni. Lozani munthu mmodzi: "Achimwene a malaya oyerawo, imbani foni kuchipatala." Udindo ukagwera pa munthu mmodzi sugawikanso.

Mukakhala wapampando, muzilankhula pomaliza. Nkhani ikakhala yovuta, gawani timapepala aliyense alembe maganizo ake musanayambe kukambirana, ndipo musankhe mmodzi woti ntchito yake tsikulo ikhale kufunafuna pomwe chiganizocho chingagwere.

Uthenga wonyoza mtundu wina kapena wa mphekesera za opopa magazi ukafika pa gulu la banja pa WhatsApp, musangoudumpha. Sikuti muchite kukangana ndi amalume pagulu. Kufunsa mwaulemu kuti "Amalume, izi zachitikira mudzi uti, ndipo waziona ndani?" n'kokwanira kuti ena asanu omwe anali chete adziwe kuti sali okha.

Pakhamu lokwiya musadziike pangozi mwachibwana. Imbani kupolisi, pezani mmodzi kapena awiri omwe nkhope zawo zikuonetsa kukayika muyambe nawo, ndipo ngati wogwidwayo mukumudziwa mutchuleni dzina lake ndi la makolo ake mokweza. Ngati pali munthu wolemekezeka pamalopo, amfumu, abusa, shehe kapena mayi wachikulire wa pamsika, thamangirani iyeyo tayala lisanafike.